Sukulu yatsopano kutsidya la mtsinje, kapena zipinda zina pa sukulu yakale?

Wapampando, Chilenje: Abale ndi alongo a kwathu ku Katete okhala mu Lusaka, mafumu atipempha kuti tithandize kumanga sukulu yaing'ono kutsidya la mtsinje. Tisanalembere komiti ya chitukuko ya wadi, ndikupempha maganizo anu.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Matero: A Wapampando, ine ndikukayika. Sukulu ikhale ya ana 80 kapena 600, imafunikabe mphunzitsi wamkulu, mjigo, zimbudzi ndi nyumba za aphunzitsi. Wophunzitsa ana 15 amalandira malipiro ofanana ndi wophunzitsa ana 45, kotero kuti pa malipiro okha, mwana wa m'kalasi laling'onolo amadyera boma ndalama zochuluka katatu. CDF, thumba la ndalama za chitukuko cha dera la phungu, ingatimangire makoma, koma aphunzitsi amalipidwa ndi unduna, ndipo akapanda kutumizidwa okwanira, mmodzi adzaphunzitsa magiredi atatu m'chipinda chimodzi. Tiwonjezere zipinda pa sukulu yakale.

Mayi wa ku Mtendere: Aphunzitsi, masamu anuwo ndi oona, koma akuwerenga ana okhawo amene afika m'kalasi. Mtsinje ukadzaza mu Januwale ndi Febuluwale, mwana wa giredi 1 amawoloka ali kumsana kwa amake, ndipo tsiku limene mayiyo ali kumunda, mwanayo amatsala pakhomo. Kuyambira pamene boma linathetsa kulipiritsa ndalama za sukulu mu Januwale 2022, sukulu yakaleyo yadzaza mpaka ena amakhala pansi, buku limodzi akuwerengera pamodzi benchi lonse. Mtengo wa mwana mmodzi watsikadi kumeneko, koma watsika chifukwa mwanayo akulandira zochepa, ndipo ine zimenezi zimandiwawa.

Msungichuma, Chawama: Tikumbukire kuti ngakhale CDF inakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndalamazo ndi za dera lonse la phungu, ndipo zikudikiridwanso ndi zipatala, milatho ndi ana ofuna mabasale. Ndikupempha kuti kutsidyako timange zipinda ziwiri za magiredi oyambirira, zikhale nthambi ya sukulu yakale pansi pa mphunzitsi wamkulu yemweyo, ana okulirapo aziwolokabe.

Mphunzitsi wopuma ntchito, Matero: Zimenezo ndingavomere, malinga ngati ofesi ya DEBS, yoyang'anira maphunziro m'boma la Katete, itsimikizira polemba kuti aphunzitsi adzabwera. Amayi, chonde pemphani anyakwawa atiwerengere ana a kutsidyako amene afika msinkhu woyamba sukulu, chiwerengerocho chilowe m'kalata yathu.