Malamulo a Ayuda oti "uzichita" tsiku ndi tsiku ndi ati?

Nyamazi wa ku Kapata:
Abale ndithandizeniko. Dzulo ku maphunziro a Baibulo abusa ananena zoti Ayuda ali ndi malamulo 613 osati khumi chabe aja tinaloweza ku Sande sukulu, ati ena ndi oletsa ena ndi oti uzichita. Oletsawo ndimawadziwako, nkhumba ayi, kuba ayi, koma oti uzichitawa ndi ati? Nanga munthu amakwanitsa bwanji tsiku lililonse pomwe ali ndi ana, munda, msika?

Aphunzitsi aku Katete:
Amayi abusa anu sananame. Oletsa alipo 365, oti uzichita 248, ndipo amene anawandandalika bwino ndi Maimonides, rabi amene anamwalira mu 1204. Koma musaope, ambiri ndi a nsembe za ku kachisi wa ku Yerusalemu ndiye chiwonongereni kachisiyo Aroma m'chaka cha 70 AD sachitikanso. A tsiku ndi tsiku tsegulani Deuteronomo 6 muwapeza ali pamodzi. Kunena Shema m'mawa ndi madzulo, mawu aja ovomereza kuti Mulungu ndi mmodzi. Kumanga tefillin, timabokosi takuda tachikopa tokhala ndi mavesi mkati, kena pa mkono kena pamphumi, popemphera m'mawa kupatula pa Sabata ndi pa masiku a zikondwerero zikuluzikulu. Ndiye pali mezuzah, kachikopa kolembedwa mavesi a Shema koikidwa m'kabokosi kokhomedwa pa mphuthu ya chitseko. Mphonje za pa ngodya za chovala, tzitzit, zili mu Numeri 15.

Make Chisomo:
Ine limene linandigwira mtima ndi la pa Deuteronomo 8:10, loti ukadya nkukhuta uyamike Mulungu. Ife timapemphera nsima isanayambe, tikakhuta basi kusamba m'manja aliyense ulendo. Iwo amadalitsa asanadye inde koma lamulo lenilenilo ndi la pambuyo, mimba itadzaza. Ndimaganizira za ife mu Januwale nkhokwe ikatha mmene timalirira kwa Mulungu, koma tikakolola chimanga ndi nshawa zili mbwee pakhonde ndani amakumbuka? Kunyumba kwanga tinayamba, ana poyamba ankathawa lomba anazolowera.

Mnyamata wa ku Petauke:
Onjezanipo la malipiro akuluakulu. Deuteronomo 24:15 imati waganyu umlipire tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe chifukwa ndi wosauka ndipo mtima wake uli pa ndalamayo, kwa Ayuda limeneli lili pa mndandanda womwewo pamodzi ndi kupemphera. Ine ndinapalirapo munda wa fodya wa bambo wina masiku anayi, kumaliza ati ubwere Lachisanu, Lachisanu ati sindinagulitse, ndinayenda maulendo asanu wapansi kunyumba kulibe ndi ufa womwe, mwana akudwala. Bamboyo ndi mkulu wa mpingo. Mpaka lero ndikawerenga vesili mtima umandiwawa ngako.

Nyamazi wa ku Kapata:
Pepani achimwene, zimenezo nzowawa ndipo nanenso ndachita manyazi, mtsikana wondichapira ndimamuuza kuti mawa. Aphunzitsi, nanga timabokosi tija azimayi amamanganso?

Aphunzitsi aku Katete:
Kwa a Orthodox, Ayuda ogwiritsitsa mwambo wakale, ndi amuna chabe, kuyambira zaka 13. Azimayi sakakamizidwa pa malamulo ambiri oyendera nthawi, koma kuyamika mukadya, kuthandiza osauka, kulemekeza makolo ndi kulipira waganyu nza onse. M'magulu ena a Ayuda ofewetsako mwambo monga a Conservative azimayi ena amamanga.