Mawu a woimba wathu akumira, tigule masipika kapena tilowe mu situdiyo?

Gitala_Chikanda:
Akuluakulu ndi oimba anzanga, ndithandizeni nzeru. M'bandi yathu tilipo asanu: magitala awiri, besi, madiramu, ndi mlongo wathu amene amaimba kwinaku akuliza kiyibodi. Atatu tinakumana ku Chanco, awiri enawo tinawapeza kutchalitchi ku Matawale. Poyamba tinkangoimba nyimbo za eni ake m'maukwati ndi m'maphwando a ophunzira, koma pano tayamba kupeka zathu, za pop rock, mawu ake Chichewa. Palibe kampani yotithandiza, chilichonse timasonkha tokha.

Vuto ndi ili: tikamaimba nyimbo zathuzi pagulu, mawu a mlongoyu samveka, makamaka pa kolasi. Tikakweza maiki imalira mpaka anthu kugwira makutu. Nyimbo za eni ake zija zinkamveka bwinobwino ndi zida zomwezi. Chinanso, ampu ya besi imangoti mmmm ngakhale palibe akuliza. Tasunga kandalama pang'ono. Anzanga akuti tipite ku Limbe tikagule masipika akuluakulu, ine ndikuti tikajambule nyimbo ku situdiyo.

Saundi_Mpondabwino:
Achimwene, ndalamayo musaikhudze kaye. Zida zomwezo, za eni ake zikumveka, zanu ayi, ndiye masipika alakwa chiyani? Ndiuzeni: holo yake yotani, maiki yanji, ma ampu mumaika pati, ndipo pa kolasi aliyense amaliza chiyani?

Gitala_Chikanda:
Holo yamalata yopanda siling'i, pansi simenti. Maiki ndi SM58, mikisa ndi kakang'ono. Ma ampu amakhala pansi kumbuyo kwathu. Pa kolasi tonse awiri timakwapula ma chord athunthu ndi distortion (kulira kokalipa kwa gitala ya rock kuja), kiyibodi nayo ma chord manja onse.

Saundi_Mpondabwino:
Basi, ndi pomwepo. Anthu asanu mukulimbirana mpando umodzi m'minibasi pomwe mipando ya kumbuyo ili yopanda anthu.

Chimene chimachititsa kuti khutu limve bwino mawu a munthu, kusiyanitsa "s" ndi "t" ndi "k", chili chapakati pa 2 kHz ndi 4 kHz (Hz ndi muyeso wa kukwera kwa liwu: nambala ikakula liwu ndi lakumtunda, ndipo 1 kHz ndi 1,000 Hz). Gitala ya distortion imadzaza malo omwewo, ma cymbal, mbale zachitsulo za pa madiramu zija, nawonso momwemo. Inu muli ndi magitala awiri oliza chinthu chimodzi, ndiye mlongo wanuyo alowera pati? Pansinso pali nkhondo ina: chingwe chachikulu cha besi chimalira pa 41 Hz, cha gitala pa 82 Hz, ndipo dzanja lamanzere pa kiyibodi likungoponda pa malo a besi. Malata ndi simenti zikubweza zonsezo kawiri.

Yesani izi, sizilira ndalama. Pa mikisa pali kabatani ka low cut kodula mawu a pansi, pena amalemba 80 pena 100. Kadineni pa maiki, pa magitala ndi pa kiyibodi, kupatula besi ndi ng'oma yaikulu ya phazi. Ma ampu akwezeni pampando, muwapendeketse ayang'ane kumutu kwa wolizayo. Ampu ikakhala pansi imaimbira mawondo, mwini wake samva, ndiye amangokweza. Sipika yomvera woimba ikhale kutsogolo kwake, kumbuyo kwenikweni kwa maiki, chifukwa SM58 simva kwambiri zochokera kumeneko. Komanso asamafumbatire mutu wa maiki ndi dzanja ngati a rap, kulira kuja kumayambira pamenepo. Pa saundi cheki yambani ndi mawu, muwaike pamene akumveka osalira, kenako zida zizilowa chimodzichimodzi pansi pa mawuwo.

Madala_aBandi:
Injiniya wanena zoona, koma ine ndiwonjezere za nyimbo yeniyeniyo. Ana anga, nyimbo za eni ake zinkamveka chifukwa eni akewo anakhala pansi n'kugawana ntchito, inu munangokopera zogawa kale. Mwafika pa zanu, aliyense akufuna anthu adziwe kuti nayenso alipo. Bandi iliyonse imadutsa pamenepo ikasiya kukopera.

Pa vesi gitala imodzi ikhale chete, kapena izingodonthetsa manotsi awiri atatu pamene woimba wapuma. Pa kolasi wina agwire ma chord a zingwe ziwiri za pansi, winayo akwere kumtunda kwa khosi la gitala azipanga kamzere kakekake. Distortion ichepe, theka la imene mukuganiza kuti mukufunika. Wa kiyibodi dzanja lamanzere aliike pa ntchafu. Mudzaona kolasi ikukula popanda wokhudza voliyumu, poti vesi yakhala yopepuka.

Mayi_waKwaya:
Ndifunseko ine. Nyimbozi amapeka ndani, ndipo amapekera pa kiyi yanji?

Gitala_Chikanda:
Ndimapeka ine amayi, zambiri pa E ndi G, chifukwa ndi pamene zala zimayenda bwino.

Mayi_waKwaya:
Ndinadziwa. Mwana wanga, mumapekera zala zanu ndi khosi lanu lachimuna, kenako n'kumupatsa mtsikana kuti aimbe. Iye amatsika kukafuna manotsi a pansi kumene mawu ake alibe mphamvu, kapena amalumpha n'kukakuwa pamwamba. Maiki singapereke mphamvu imene munthu sakutulutsa. Mukhale naye ndi kiyibodi yokha, aimbe kolasi, muzikweza pang'onopang'ono mpaka mutamva mawu atseguka. Kiyi imeneyo ndiye ya nyimbo. Inu a magitala gulani capo, yopanira zingwe pa khosi la gitala kuti kiyi ikwere, si yodula.

China chimene ana a rock simuchisamala ndi kagwedwe ka mawu. Chichewa chimatsamira pa silabo yachiwiri kuchokera kumapeto, ndi imene timaikoka polankhula. Mukapeka kayimbidwe kaye, motengera zimene mumamva kunja, n'kumakankhiramo mawu pambuyo, mphamvu imagwera pa silabo yolakwika. Munthu wa kumbuyo kwa holo amamva kuti kukuimbidwa koma satola chimene chikunenedwa. Ndiye amadandaula kuti "mawu samveka" pamene vuto si voliyumu. Alankhule mzere uliwonse ngati akucheza ndi mnzake, akuomba m'manja, muone ngati zikugwirizana ndi mmene mukuimbira. Pamene zikukangana, sinthani kayimbidwe kapena pezani mawu ena.

Ndipo munthu woimba akuyang'ana zala pa kiyibodi, pakamwa pamathawa maiki. Pa kolasi asiye kuliza.

Ng'oma_Chinamwali:
Poti palibe wanena za ife a madiramu, ndinene ndekha tisanatukwanidwe. M'holo yamalata mdani wamkulu ndi ma cymbal. Amalowa mu maiki ya woimba, ndiye mukamakweza mawu mukukwezanso iwo. Mnzathuyo agwiritse timitengo topepuka ta 7A, hi-hat itsekedwe pa vesi, crash igunde polowa kolasi basi. Pa snare aike kansalu kapena kachikwama ka m'thumba. Woimba asaime kutsogolo kwenikweni kwa madiramu, asunthire pambali.

Komanso aise, bwanji nyimbo imodzi muyese kuichotsa pa kagundidwe ka 4/4, koyenda zinayizinayi, muiike pa 6/8? Ng'oma zathu zambiri zimayenda zitatuzitatu. Mukamvetsera manganje kapena tchopa mupeza mipata imene mawu a Chichewa amakhalamo mwaufulu.

Besi_Sadzi:
Ndiye imeneyo ikhalanso rock? Anthu asankha mtundu wa nyimbo zawo, asiyeni. Si bandi iliyonse ya ku Malawi iyenera kuvala zachikhalidwe kuti ivomerezedwe. Za ampu ija man, ingothyolani phini lachitatu la pulagi, phokoso limatha pompo.

Saundi_Mpondabwino:
Ayi ayi ayi. Phini limenelo ndi earth, musalithyole. Magetsi athu ndi 230 V. Ampu ikachita vuto mkati, zingwe za gitala zimakhala ndi moto, ndipo munthu akagwira gitala n'kukhudza maiki ndi milomo, magetsi amadutsa mwa iye. Anthu amafa nazo zimenezi.

Kung'ung'udzako ndi 50 Hz ya magetsi. Pezani gwero lake motere: zulani chingwe cha besi ku ampu. Phokoso likatha, vuto ndi chingwe kapena waya wa earth mkati mwa besi. Likapitirira, zulani chingwe chochoka ku ampu kupita ku mikisa. Likatha pamenepo, ndiye kuti ampu ndi mikisa zikudya pa masoketi osiyana. Zilumikizeni pa ekisitenshoni imodzi yabwino, kapena ikani DI box (kabokosi kolumikizira chida ku mikisa) pakati pa ampu ndi mikisa, mudine batani lake la ground lift. Matchaja a foni achoke pa ekisitenshoni imeneyo.

Ng'oma_Chinamwali:
A Besi, sindinati avale nthenga. Ndati ayese nyimbo imodzi. Gitala ya distortion pa 6/8 ikadali rock, kungoti anthu a ku Jali ndi ku Thondwe adziwa povinira. Tchopa analowa m'kaundula wa UNESCO mu 2014, ife tikumudutsa pano pomwe kukafuna kagundidwe kutali.

Besi_Sadzi:
Za phini ndamva. Za 6/8 sindinavomere.

Madala_aBandi:
Za situdiyo. Musapite kukalipira maola kuti mukakanganirane kumeneko za amene akhale chete pa vesi. Ikani foni pakati pa chipinda poyeserera, jambulani, mumvere limodzi mawa lake. Mawu akamveka pa foni, ndiye kuti nyimbo yapsa. Kumbukirani kuti chimbale cha Zomba Prison Project anachijambulira m'ndende muno mu Zomba, osati mu situdiyo yapamwamba, koma chinapikisana nawo pa mphoto ya Grammy mu 2016.

Ndipo musanajambule lembani papepala amene wapeka mawu, amene wapeka kayimbidwe, ndi mmene mudzagawanire. Aliyense asaine, kenako mukalembetse nyimbozo ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa nyimbo. Lero mukuseka chifukwa palibe chogawana. Nyimbo ikayamba kulira pa YONECO FM kapena pa wayilesi ya Chanco, mpamene anthu amakumbukira mosiyana.

Gitala_Chikanda:
Ndabweranso akuluakulu. Tayeserera motsata zimene munanena. Nyimbo imene inkavuta kwambiri taikweza kuchoka pa E kufika pa G, ndipo mlongo wathu akumveka ngakhale maiki ili pansi kuposa kale. Mizere iwiri ya kolasi taisintha mawu, amayi munalondola, inkagwa mokhota. Ma ampu ali pa mipando, low cut tadina, maiki sinalire. Kung'ung'udza kunali pawiri: chingwe cha besi chinaduka earth pa jack, tawotcherera, chotsalacho chinatha titalumikiza zonse pa ekisitenshoni imodzi.

Masipika sitigula. Tigula capo, zingwe zatsopano ndi DI box, yotsalayo idikire situdiyo. Ya 6/8 tayesa pa nyimbo imodzi, wa madiramu wakondwa, wa besi akuti amasochera. Chatsala ndi mnzanga wa gitala yachiwiri. Akuti ngati ntchito yake ndi kukhala chete pa vesi, bola azikhala kunyumba.

Madala_aBandi:
Mupatseni poyambira nyimbo ndi solo, zikhale zake, inu musamakhudzeko. Pa nyimbo ina mukhale chete ndinu, aone kuti lamulolo si la iye yekha.

Saundi_Mpondabwino:
DI box musagule kaye, ndili nayo ya passive (yosafuna magetsi), mudzabwereke muone ngati mukuifunadi poti phokoso latha. Loweruka masana ndili ku Mpondabwino, mubwere ndi mikisa yanuyo ndidzakuonetseni kaikidwe ka gain, mphamvu imene mawu amalowera nayo mu mikisa.