Anzanga ophunzitsa ku yunivesite, mukupirira bwanji?

Lekichala_wotopa:
Moni nonse. Ndikufuna ndimve kwa anzanga amene mumaphunzitsa m'mayunivesite a boma, ine mutu sukuyendanso bwino. Kalasi ya chaka choyamba ana amadzadza holo mpaka ena kumvera pawindo, mayeso akatha mapepala onsewo ndichonge ndekha, ma grade akufunidwa dzulodzulo, uku ana a chaka chomaliza akudikira ndiwawerengere ma dissertation, Loweruka kulinso makalasi a weekend. Ndiye akuti kuti ukwezedwe uzitulutsa kafukufuku m'majenala (magazini a zakafukufuku), nthawi yake iti? Tulo sindikupeza, kuchipatala akuti BP yakwera. Kodi ndi ine ndekha?

Mkulu_wa_kuZomba:
Simuli nokha achimwene. Mukumbukire 2011, Dr Blessings Chinsinga ataitanidwa ndi mkulu wa apolisi Peter Mukhito chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, malekichala a ku Chanco anaima pamodzi miyezi yambirimbiri pa nkhani ya academic freedom, ufulu wophunzitsa mosaopsezedwa. Vuto lija linali loonekera, anthu ankalisenza limodzi. Izi za kutopazi aliyense akufera mu ofesi mwake chitseko chotseka, ndipo ku union timangokamba za malipiro basi, za kuchuluka kwa ntchito zii. Komanso kalendala ikangosokonekera, semesita ina imayamba ina isanathe bwinobwino, tchuthi chimangokhala cha papepala.

NaPhiri:
Bambo mwakhudza penipeni. Ife azimayi kuwonjezera apo ana asukulu amatitenga ngati amayi awo, wina sanapeze loni alibe fizi, wina wagona ndi njala ku hostel, wina ali ndi mimba akuopa kuuza makolo, onse amagogoda pa ofesi yanga ndipo sungawabweze. Koma ine za uphungu sindinaphunzire, ndikaweruka nkhani zawozo ndimapita nazo kunyumba. Chichokereni UNIMA inagawidwa mu 2021 n'kukhala UNIMA, MUBAS ndi KUHeS anzanga ambiri amangokhalira m'makomiti okonza ma curriculum ndi mapepala a NCHE (bungwe loyang'anira maphunziro apamwamba), zonsezo pamwamba pa kuphunzitsa. Chonde musachite manyazi kukaonana ndi aphungu, a St John of God ali ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Anthu akangomva za thanzi la m'maganizo amathamangira kuganiza za Zomba Mental ndi misala, n'chifukwa chake azibambo ambiri mumangothawira ku botolo.

Mphunzitsi_wa_pulayimale:
Pepani mabwana koma inu muli ndi ofesi, galimoto, ma allowance. Ife timaphunzitsa pansi pa mtengo ana osawerengeka, nyumba yothonya, ndiye tinene chani?

Chimz:
Aphunzitsi zanuzo ndi zoona ndithu palibe angatsutse, koma musaone galimoto, zambiri ndi za ngongole. Kwacha inagwa ndi 25% mu May 2022 kenako 44% mu November 2023, malipiro sanathamange choncho. Majenala ena amafuna ulipire m'madola kuti pepala lako lituluke, madolawo uwapeza kuti? Ndiye munthu umagwira ganyu ku mayunivesite a private madzulo, uku consultancy, uku kumudzi akudziwa kuti kwathu kuli dokotala wa ku yunivesite, fizi ya ana a achemwali ndi iwe, maliro akagwa bokosi ndi iwe. Thupi silingapirire zonsezo.

Lekichala_wotopa:
Zikomo nonse, mtima wakhalako pansi. Aphunzitsi a pulayimale sindikupeputsa mavuto anu ayi, nonsefe tikuphunzitsa ana ochuluka kuposa mphamvu zathu. Mayi NaPhiri ndipita ndithu kwa aphunguwo. Koma ndifunsenso, alipo amene ku dipatimenti kwawo anakwanitsa kupeza ma tutor kapena ana a masters oti azithandiza kuchonga? Munayamba bwanji kuikamba nkhaniyi kwa a HOD (mkulu wa dipatimenti), ndipo ndalama zowalipira zinachokera kuti?