Ndithandizeni nzeru: mng'ono wanga akufuna kusainira kontrakiti ya u-VTuber

Membala wosatchula dzina:
Abale anga, mng'ono wanga wa zaka 22, amene ndimakhala naye kuno ku Leeds, wasankhidwa ndi kakampani kena koyang'anira ma VTuber. Kwa amene simukuwadziwa, awa ndi anthu oulutsa pa YouTube kapena Twitch osaonetsa nkhope. Pamaoneka kachithunzi kojambula, ndipo mwini wake akaphethira kapena kuseka pa kamera, nakonso kamatero. Mwanayu amaimba bwino zedi ndipo ndikufunitsitsa zimuyendere, koma nditawerenga kontrakitiyo mtima uli m'mwamba. Dzina, chithunzicho ndi chanelo, zonse n'za kampani. Asauze aliyense kuti mawuwo ndi ake. Gemu iliyonse ayambe wapempha kwa manijala. Pa ndalama angolemba kuti adzagawana, gawo lake osalitchula. Kodi ndi mmene zimakhalira? Akuti asaine pofika Lachisanu.

Yankho loyamba:
Achemwali, zambiri mwatchulazo n'zachizolowezi. Ku Japan, magulu akuluakulu a ma VTuber, Hololive ya kampani ya Cover Corp ndi Nijisanji ya kampani ya Anycolor, amayenda choncho. Kampani ndiyo imalipira wojambula ndi wopanga kuti chithunzi chizigwedezeka pa pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa Live2D, imapereka manijala, imapempha zilolezo kwa eni magemu ndi nyimbo, n'kumasakanso otsatsa malonda. N'chifukwa chake chithunzicho amachigwira. Munthu akachoka amasiya zonse. VTuber wotchuka Gawr Gura anachoka ku Hololive pa 1 Meyi 2025 ali ndi omutsatira oposa 4 miliyoni pa YouTube, koma dzina ndi chanelo sanapite nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti makampani akuluwa amakupatsa khamu la oonera kuyambira tsiku loyamba. Nanga kakampani aka kamupatsa chiyani choti mpaka ataye dzina?

Yankho lachiwiri:
Ine pandiopsa ndi pa ndalamapo. Pa Super Chat (ndalama zomwe oonera amapereka kuti uthenga wawo uoneke bwino munthu akamaulutsa), YouTube imayamba yadula 30 pa 100 iliyonse, kenako kampani nayo idule pa zotsalazo. Gawo lake lilembedwe m'manambala, tsiku lolandira lilembedwenso, ndipo mwezi uliwonse aziona yekha zomwe zalowa. Kumbukirani VShojo, kampani ya ma VTuber ya ku America. Inkatamandidwa poti oulutsa ake ankakhala eni a zithunzi zawo, koma mu Julayi 2025 m'modzi wa iwo, Ironmouse, anachoka akunena kuti kampaniyo sinapereke ndalama zoposa madola 500,000 zomwe anasonkhetsera bungwe la Immune Deficiency Foundation. Sabata isanathe, kampani inatseka. Musadalire kukoma kwa pakamwa.

Yankho lachitatu:
Mwanangu, ndifunse kaye: ali pa viza yanji? Ngati ndi ya sukulu, malamulo a kuno salola kudzilemba ntchito wekha kapena kugwira ntchito ya zisangalalo. Apite nayo kontrakitiyo ku ofesi yothandiza ophunzira akunja pa yunivesite yake asanagwire cholembera. Muonenso ngati angathe kutulukamo atadwala kapena atatopa, ndiponso chilango chake akaulula mwangozi kuti mawuwo ndi ake.

Membala wosatchula dzina:
Zikomo kwambiri amayi, ali pa viza ya sukulu ndithu. Mawa m'mawa ndimuperekeza ku ofesiko, ndipo tawalembera kale a kampani kuti Lachisanu sizitheka. Alipo pano amene anayamba yekha popanda kampani? Chithunzi cha Live2D munachipeza bwanji, ndipo wojambulayo anakupatsani umwini wonse?