Bwanji makhonsolo oyandikana osasonkherana kugula galimoto imodzi yozimitsa moto?

Mayi wa Zitenje:
Abale ndithandizeni kumvetsa, mwina pano alipo amene anagwirako ntchito kukhonsolo. Mwezi wathawu msika wa paboma pathu unapsa usiku, moto unayambira kumbali ya malesitilanti nkulowa m'mashedi athu a zitenje ndi kaunjika. Ine ndinafika cha m'ma 11 ndowa ili m'manja, tinandanda kuchokera pamjigo mpaka pamsika kumapatsirana madzi koma moto wa nsalu ndi majumbo sumva ndowa. Anaimba foni mumzinda kuti galimoto yozimitsa moto ibwere, inafika kutacha malata atapindika kale. Mabelo anga awiri omwe ndinali nditangooda kumene anathera pomwepo, chomwe ndinatola paphulusa ndi loko basi.

Sindikufuna kunyoza munthu ayi. Akuti khonsolo yathu payokha singakwanitse kugula galimoto imeneyi, ndamva. Koma tili ndi maboma awiri oyandikana nafe omwe pa minibasi sipakwana ola limodzi, nawonso alibe. Nanga bwanji osasonkherana nkugula imodzi ngati mmene ife timachitira chipereganyu kapena banki mkhonde? Tikiti ya pamsika timadula tsiku ndi tsiku osaphonya. Chimaletsa nchiyani kwenikweni?

Kalaliki Wakale:
Pepani kwambiri mayi ndi zomwe zakuonekeranizi. Ine ndinakhalako zaka zingapo ku ofesi ya zachuma ya khonsolo ina ndiye ndiyankhe mmene ndinaonera. Ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha ndi za matikiti a m'misika, ziphaso za bizinesi, za m'madepoti ndi msonkho wa malo ndi nyumba kumene ulipo. Kwa khonsolo yaing'ono zimenezi zimathera kulipira alonda, osesa ndi otolera matikiti omwewo, dizilo wa thirakitala ya zinyalala ndi mabilu a madzi ndi magetsi. Ndalama zikuluzikulu zimachokera ku boma kudzera ku National Local Government Finance Committee, komiti yoona za chuma cha makhonsolo, koma zimabwera zitamangidwa kale mfundo, iyi ya zaumoyo, iyi ya maphunziro, iyi ya ulimi, ndipo ukangotenga ya kuno nkuika uko odita akupeza. Ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya 1998 inanena kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zomwe boma latolera, makhonsolo akhala akudandaula zaka zonsezi kuti safikapo pamenepo.

Ndiye pali CDF, thumba la ndalama za chitukuko, imene imagawidwa potengera dera la phungu. Apa ndi pomwe maganizo anuwa amakakamira mayi, chifukwa aliyense amafuna chinthu chooneka m'dera lake, buloko ya sukulu, kamlatho, mjigo, choti akachiloza anthu aziti uyu wagwira ntchito. Galimoto yoti izikagona boma lina palibe amafuna kuiponyera ndalama. Komanso tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala nkomwe, ndiye chizolowezi choti atsogoleri a matauni azikhala pansi nkupangana zinthu sichinazike mizu. Bwalo lilipo, la MALGA, kumene makhonsolo onse amakumana, koma nkhani imakula kumeneko ndi yokumbutsa boma kuti litumize ndalama, pomwe za kugawana zipangizo pakati pa oyandikana ndi zomwe ine ndikanakonda zitamveka kwambiri.

Mwana wa ku Balaka:
Zogawana zinthu pakati pa maboma sizachilendo ayi, ife takulira madzi a ku damu la Mpira lomwe lili ku Ntcheu koma mipope yake inafika mpaka kuno ku Balaka ndi mbali zina za Neno ndi Mangochi. Madzi amangotsika okha ndi mapaipi popanda injini. Koma mu 2018 damu lija linauma, mitengo ya m'mapiri ozungulira inali itatha ndi makala ndi kulima, dothi nkumakokolokera m'damu, mvulanso inavuta. Ndikukumbuka amayi anga akudzuka 3 koloko m'bandakucha kukaika chigubu pamzere wa pamjigo, kubwerako dzuwa lili pamutu ndi zigubu ziwiri zokha. Chimene ndinaphunzirapo ine nchakuti akumwa madzi tinali ambiri koma osamala kumene madziwo akuchokera anasiyidwa okha, ife akumunsi sitinkaona ngati mitengo ya ku Ntcheu ikutikhudza. Galimoto yanuyo mayi ikhoza kugulidwa ndithu, mwina ndi a donala, chondiopsa ine ndi tsiku lomwe tayala laphulika kapena pampu yafa, aliyense azidzati akonze ndi amene anaigwiritsa ntchito komaliza. Pitani kuseri kwa maofesi ambiri a paboma mukaone magalimoto ndi mathirakitala atakhala pamiyala udzu utamera pansi pake, ambiri vuto lake linali laling'ono poyamba.

Achimwene a ku Joni:
Kuno ku South Africa anazikonza mwina. Kupatula mizinda ikuluikulu 8 monga Johannesburg ndi Cape Town, matauni ang'onoang'ono anawaika m'magulu pansi pa ma district municipality omwe alipo 44, ndipo lamulo lawo la 1998 linapereka ntchito zina zolemera monga kukonza za ozimitsa moto a chigawo chonse ndi madzi ochuluka ku gulu lalikululo. Sindikunama kuti zonse zimayenda bwino, nakonso kuli makhonsolo omira mungongole ndipo anthu amatseka misewu ndi matayala chifukwa cha madzi. Koma mfundo yake ndi yomwe mukunenayi mayi, kuti katauni kamodzi sikangasenze zonse. Kwathu mu 2010 anachita kuphatikiza makhonsolo a matauni monga Balaka, Dedza, Liwonde ndi Salima ku makhonsolo a maboma awo, ndiye kuphatikiza tinaphatikiza koma zogwirana manja kudutsa malire a boma ndi zomwe zinatsalira.

Dalaivala wa Lole:
Ine ndikugwirizana nazo koma tiyeni tiganize za msewu. Tengani chitsanzo cha Luchenza, ili pakatikati pa Thyolo ndi Mulanje pamsewu wa tala wochokera ku Limbe kupita ku Muloza, galimoto itakhala pamenepo itha kuthamangira uku ndi uku nthawi yochepa kusiyana nkudikira yochokera ku Blantyre. Malo ngati amenewo zikhoza kutheka bwinobwino. Koma kwina maboma ndi oyandikana pamapu pokha, nthawi ya dzinja mlatho ukakokoloka ngati mmene zinachitikira ndi namondwe wa Freddy mu 2023 ndiye kuti mwadukana basi. Chinanso galimoto imeneyi imabwera ndi thanki imodzi, ikatha madzi imafuna pokatunga mwachangu, ndiye ngati pamsika palibe mpope waukulu wa ozimitsa moto mudzaiona itaima ikuonerera limodzi ndi inu. A Water Board akuyenera kukhala nawo pazokambiranazo kuyambira tsiku loyamba. Ineyo ndikanati ayambe ndi zosafuna liwiro, galimoto yopopa zimbudzi za m'misika ndi m'sukulu, kapena makina opala misewu ya dothi, sabata ino kwa awa sabata yamawa kwa awo, kalendala ili pakhoma aliyense akuiona. Akakhulupirirana pamenepo ndiye abwere ku za moto.

Kalaliki Wakale:
A dalaivala mwalasa. Ndingoonjezera kuti pakufunika pangano lolembedwa lomwe makhonsolo onse avomereza pamsonkhano wawo waukulu, osati kungogwirizana pakamwa ma DC awiri chifukwa mmodzi akasamutsidwa nkhani yathera pompo. Mulembedwe kuti aliyense aziponya zingati pamwezi, akaunti ikhale yapayokha ya dizilo ndi zokonzera, dalaivala ndi makaniko akhale odziwika amene akuwalipira, ndipo amene sanapereke miyezi itatu zimutani. Mayi, njira yanu ndi kudzera ku komiti ya msika, kenako khansala wanu ndi ADC, komiti ya chitukuko ya m'dera lanu, ipempheni nkhaniyi ilowe pa ajenda nthawi yokonza bajeti isanadutse.

Mayi wa Zitenje:
Zikomo nonse, ndaphunzira zambiri makamaka za mpope wa pamsika zija sindinaziganizepo nkomwe. Komiti yathu ikukumana Loweruka ndipo ndikaiyambitsa, ndili ndi anzanga ogulitsa nawo m'misika ya maboma awiri aja amene timakumana kooda katundu ku Limbe, ndiwaimbira kuti nawonso akalankhule ndi makhansala awo sabata yomweyo kuti isaoneke ngati nkhani ya ife tokha opsa. Bambo Kalaliki, kalata yopita kwa khansala tilembe Chichewa kapena mpaka Chingerezi, ndipo tisainire tonse kapena atcheya okha akwanira?