Sewero la bwana ndi mtsikana wa internship: pa chitseko chotseka paja tipange bwanji?

Esnart: Anzanga, ndigaireni nzeru. Tikukonza sewero la pawailesi loti liuluke m'masiku 16 olimbana ndi nkhanza aja, kuyambira pa 25 November. Nkhani yake ndi ya mtsikana wophunzira ntchito kunyuzirumu yemwe bwana akumufuna. Ndimati titengere pa filimu ya Bombshell ya 2019, ija ya Roger Ailes, yemwe anali bwana wa kanema ya Fox News ku America, pomwe bwanayo akuuza mtsikana muofesi, chitseko chili chotseka, kuti akweze diresi. Koma pawailesi palibe chithunzi, ndiye tikamayeserera zikungomveka ngati zolaula. China, Mangochi ndi yochepa. Tikangoti "bwana wa pasiteshoni", mawa kumsika maina ayamba kutchulidwa.

Che Jafali: Achemwali, malo amenewo asiyeni. Ine mufilimumo ndinaona kuti kamera ikukhalitsa pamiyendo ya Margot Robbie, yemwe akusewera mtsikanayo, moti woonera akuyang'ana ndi maso a bwanayo. Pezani She Said ya 2022, ya atolankhani a New York Times aja, Jodi Kantor ndi Megan Twohey. Mmenemo nkhope ya Harvey Weinstein, mkulu wopanga mafilimu yemwe atolankhaniwo anaulula nkhanza zake kwa amayi, saionetsa, kugwiririra sakuonetsanso. Pena amangoonetsa makolido a hotela opanda munthu, uku mawu akumveka. Imeneyo ndiye wailesi kale.

Mayi Nachisale: Esnart mwanawe, vuto lako si chitseko ayi. Mafilimu amenewa amakonda chilombo chimodzi chachikulu, ndi mayi wotchuka woti akhoza kuchigwetsa. Gretchen Carlson, yemwe ankaulutsa mapulogalamu pa Fox News, anali munthu wa dzina, anali ndi maloya, anajambula mawu a Ailes pafoni mobisa. Anasuma mu July 2016, mwezi womwewo Ailes n'kutula pansi udindo, kenako Fox inalipira madola 20 miliyoni. Nanga wathu kuno ndani? Ndi mtsikana wongodzipereka, wopanda kontirakiti, wodalira kaalawansi ka workshop kuti alipire lendi ndi kabaza. Bwana wake safuula, satsekanso chitseko. Amangotumiza uthenga pa WhatsApp usiku: "Wagona? Ulendo wa ku Monkey Bay uja ndakuikapo, koma tigona konko." Mtsikana akayankha kuti "zikomo bwana, koma mayi akudwala", Lolemba dzina lake lafufutidwa pabolodi la mapulogalamu, nkhani yomwe anakaitola ku Namwera ndi ndalama zake ikuwerengedwa ndi wina. Palibe wamukhudza, koma aliyense m'nyuzirumu wadziwa, ndipo ali chete. Lemba zimenezo. Mawu a choko kapena dasita pabolodi akukwanira. Ndipo usaiwale mzimayi wachikulire wa pamalopo amene amati "ingopirira, tonse tinadutsamo". Ameneyo mafilimu amamupatsa mphindi zochepa, chonsecho kwathu kuno ndiye amatseka atsikana pakamwa.

Bambo Phiri: Koma musatipake tonse matope, si bwana aliyense.

Mayi Nachisale: Palibe wakutchulani, bambo. Ngati mukufuna, tikupatsani mbali ya mkonzi yemwe akuona n'kulankhula.

Che Jafali: Za maina zija, Bombshell yomweyo ili ndi yankho. Kayla, yemwe Robbie akusewera, sanali munthu weniweni, anamuumba kuchokera pa nkhani za amayi angapo. Chitani chimodzimodzi. Siteshoni ikhale yopeka, m'boma losatchulidwa, bwana asakhale ndi kalankhulidwe koti anthu n'kumuzindikira. Uthenga weniweni wa munthu musaukopere mawu ndi mawu, mwini wake adzauzindikira.

Esnart: Nanga mathero? Bwana amangidwe?

Mayi Nachisale: Usathamangire unyolo, omvera adzati ndi za m'filimu. Aonetse njira. Lamulo la Gender Equality Act la 2013 likuti wopezeka wolakwa pa nkhanza zotere alipire K1 miliyoni ndi kukhala kundende zaka zisanu, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission limalandira madandaulo otere, monga linachitira pa nkhani ya ku MBC yomwe lipoti lake linatuluka mu 2021. Mtsikana wako asunge ma screenshot, awatumize kwa mnzake, alembe masiku, kenako akadandaule.

Esnart: Ndamva. Za diresi ndachotsa, ndiyambira pa uthenga wa usiku uja. Che Jafali, mundiwerengere sikiripiti Lachinayi tisanalowe mu studio. Bambo Phiri, mbali ya mkonzi ija ndakulemberani.