Galimoto yanga ikudontha oyilo, ndiyambire pati ndisanawononge ndalama?

Mayi a Tadala:
Moni nonse a pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za magalimoto, chifukwa mtima wanga suli m'malo. Galimoto yanga yayamba kudontha oyilo, ndipo m'mawa uliwonse ndikaichotsa pamene yagona ndimapeza banga pansi. Eni nyumba imene ndimachita lendi ku Area 25 anaika simenti yatsopano pabwalo chaka chathachi, tsono akuti ndikuwaipitsira malo, ndipo dzulo anatuma mwana kudzandiuza kuti ndiziimika kunja kwa mpanda, kumene usiku anthu amaba magalasi ndi mabatire. Galimotoyi ndinaigula ndi ngongole ya kuntchito imene sindinamalize kubweza. Inachokera ku Japan kudzera ku Dar es Salaam, ndipo msonkho wake unanditulutsa thukuta. Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti alamu anga amaibwereka pafupipafupi, amaibweza mafuta ali pafupi kutha, matope ali mpaka m'mipando, koma ndikadandaula amuna anga amati ndilibe chibale. Makaniko wina atangosuzumira pansi, osawerama n'komwe, wandiuza kuti injini yonse iyenera kutsitsidwa, ndipo mtengo umene watchula ukuposa malipiro anga a miyezi iwiri. Fizi ya ana ikudikira, COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu, nayo ikutha mwezi wamawa. Kodi palibe njira yotsika mtengo yothetsera vutoli?

Mkulu wa Sipanala:
Mayi, musavutike ndi kufunsa anthu ambiri. Ine ndagwira sipanala kuyambira nthawi ya Peugeot 504 ndi Land Rover, ndipo ndikukuuzani kuti vuto lanu ndi oyilo wopyapyala amene mukuthira. Oyilo wa 5W-30 anapangidwira mayiko ozizira. Kuno kwathu dzuwa la mwezi wa October likawomba, oyilo ameneyu amasanduka madzi ndipo amatulukira paliponse pamene apeza mpata. Khetsani wonseyo, muthire wolemera wa 20W-50, mudzandithokoza.

Makaniko wa ku Limbe:
Mayi, mwatiuza za eni nyumba ndi za alamu, koma simunatiuze galimotoyo ndi ya mtundu wanji, ya chaka chiti, ndiponso kuti yayenda makilomita angati. Simunatiuzenso kuti madonthowo akugwera mbali iti, ndi a mtundu wanji, ndipo anayamba liti. Zili ngati kufika kuchipatala n'kufotokoza za ulendo wonse osanena pamene pakupweteka. Usiku uno yalani katoni yoyera pansi pa injini, m'mawa muone pamene padonthera. Oyilo wa injini amakhala wakuda kapena wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, wa giyabokosi ya otomatiki nthawi zambiri amakhala wofiira, ndipo madzi oyera odontha cha mbali ya wokwera ndi a makina oziziritsa mpweya, amene si vuto ayi.

Bambo a Yamikani:
Ine sindilankhula za oyilo, ndilankhula za gwero lake. Galimoto sibwereketsedwa, mayi. Munthu amene sanatuluke thukuta pogula samva chisoni akamadumpha mahampu ndi liwiro kapena kugwera m'maenje. Alamu anuwo n'kutheka kuti anamenyetsa sampu, mbale ya pansi pa injini imene imasunga oyilo, pa mwala kumudzi ndipo anangokhala chete. Ine mphwanga weniweni ndinamukaniza makiyi, anakwiya chaka chathunthu, koma galimoto yanga ilipo mpaka lero. Khalani pansi ndi amuna anu.

Achemwali a ku Kasungu:
Ndikawerenga uthenga wanu ndikukumbukira zimene zinandichitikira. Yanga inkadontha pang'onopang'ono, ndipo ndinkangoti ndidzakonzetsa kumapeto kwa mwezi. Tsiku lina ndikuchokera ku Lilongwe, nditangodutsa pa Mponela, nyali yofiira ya oyilo inayaka. Munthu amene ndinamunyamula anandiuza kuti ndipitirize mpaka tipeze malo ogulitsira mafuta. Sitinafike kutali, injini inayamba kugogoda ndipo inazima yokha. Inanoka. Ndinalipira galimoto yoikoka, ndinagula injini ina yakale, ndipo ana anga anayenda pa kabaza miyezi ingapo. Nyali ija ikayaka, imani pomwepo ndi kuzimitsa injini, ngakhale muli pakati pa tchire.

Mkulu wa Sipanala:
Achemwali, mukanakhala kuti munathira 20W-50 injini yanuyo sikananoka. Ndanena kale kuti magalimoto a masiku ano ndi zitini, ndipo oyilo amene amalembedwa m'mabuku awo sagwirizana ndi misewu yathu. Ife kale tinkayenda kuchokera ku Blantyre mpaka ku Karonga pa msewu wafumbi popanda dontho limodzi.

Mphunzitsi Wopuma:
Akuluakulu, Land Rover imene sinkadontha oyilo ine sindinaionepo. Kale tinkati ikasiya kudontha ndiye kuti oyilo watheramo. Mayi a Tadala, uzani eni nyumbawo kuti banga la oyilo ndi umboni wakuti pakhomo pawo pamakhala anthu olemera, akweze ulemu osati lendi.

Mnyamata wa Magetsi a Galimoto:
Bambo a Sipanala, ndi ulemu wonse, uphungu wanuwo ukhoza kuwononga galimoto ya mayiwa. Magalimoto ambiri ochokera ku Japan amene ali m'misewu yathu, monga Vitz, Sienta ndi Corolla, ali ndi injini za VVT-i, zimene zimadalira oyilo kudutsa m'timabowo ting'onoting'ono kuti mavalavu atseguke pa nthawi yake. Oyilo wolemera amachedwa kufika pamwamba injini ikangolizidwa m'mawa, ndipo nthawi imeneyo ndi imene zitsulo zimadyana kwambiri. Komanso oyilo wolemera satseka gasiketi (chotseka mpata pamene zitsulo za injini zakumana) yong'ambika, amangochepetsa liwiro la kudonthako. Ine ndingawalangize kuti ayang'ane kaye switch ya oyilo, kachipangizo kamene kamayatsa nyali yofiira ija. Kakakalamba kamatulutsa oyilo pamene palumikizidwa waya, ndipo n'kotsika mtengo kwambiri.

Mkulu wa Sipanala:
Mwana iwe, pamene ine ndinkamasula injini iwe unali usanabadwe. Nzeru zanu za pa kompyutazi ndi zimene zadzaza magalaja ndi magalimoto akufa. Mumangolumikiza kachingwe n'kumawerenga manambala, koma kumva injini ndi khutu simudziwa.

Mnyamata wa Magetsi a Galimoto:
Bambo, khutu silingaone pamene oyilo akutulukira. Nkhaniyi ikufunika maso ndi tochi basi.

Mayi Wamalonda wa ku Lunzu:
Chimene ine ndaona mu nkhaniyi n'chakuti makaniko anaona kuti amene wafikayo ndi mzimayi. Ine ndinauzidwa kuti giyabokosi yatha, koma mchimwene wanga atapita nayo pamalo omwewo anauzidwa kuti ndi kapaipi kotha basi. Mayi, musalole kuti munthu atsitse injini asanakuonetseni ndi chala pamene pakudontha. Imani pomwepo pamene akugwira ntchito, gulani nokha zipangizo, ndipo zakale zimene wachotsa azikupatsani m'manja. Mukasiya galimoto n'kupita kuntchito, mudzapeza batire yanu yatsopano yasanduka yakale.

Makaniko wa ku Limbe:
Mayi a ku Lunzu, si tonse amene timaba, ngakhale ndikuvomereza kuti kutsitsa injini chifukwa cha kudontha kwa oyilo n'kosowa kwambiri. Ndifotokoze mmene ife timafufuzira. Oyilo amatsika pansi, ndipo mphepo ya paulendo imamukankhira kumbuyo, choncho pamene mukuona dontho si pamene watulukira. Timayamba tatsuka injini ndi mankhwala ochotsa mafuta, titaphimba alternator (chipangizo chotchaja batire) ndi zolumikizira mawaya, kenaka timaiumitsa n'kuiliza kwa mphindi khumi kapena kuposerapo, ndipo timafunafuna malo okwera kwambiri amene anyowa. Ena amawaza pawuda wa ana pa injini youma kuti njira ya oyilo ionekere bwino. Kawirikawiri wolakwa amakhala gasiketi ya chivindikiro cha pamwamba, imene ambiri timaitcha ya tappet cover. Ndi ya labala, ndipo ikapsa ndi kutentha kwa zaka zambiri imauma n'kusweka. Chizindikiro chake ndi fungo la oyilo wopserera, mwinanso oyilo m'mabowo a mapulagi. Kuisintha pa injini zing'onozing'ono sikutenga tsiku, ndipo mabawuti ake samangidwa mwamphamvu, chifukwa amathyoka msanga. Imene imadula ndi seal, labala wozungulira wotchinga oyilo, ya kumbuyo kwa crankshaft (chitsulo chachikulu chozungulira mu injini), pakati pa injini ndi giyabokosi. Seal yokhayo si yodula, koma kuti muifike muyenera kuchotsa giyabokosi, ndiye ndalama zimathera pa ntchito.

Dalaivala wa Minibasi:
Zonsezi n'zotalikitsa nkhani. Gulani botolo la mankhwala otseka kudontha, muthire mu injini, muziyenda. Ife sitingaimike minibasi chifukwa cha madontho awiri, bwana amafuna ndalama yake madzulo. Ndimangoyenda ndi lita imodzi pansi pa mpando.

Makaniko wa ku Limbe:
Mankhwala amenewo amafewetsa ndi kutupitsa labala wouma, choncho amathandiza kwa kanthawi ngati seal yangouma. Ngati gasiketi yang'ambika, sampu yabooka kapena bawuti yadya mazinga, ndalama yanu mwataya. Ndionjezepo chinthu chimene anthu amaiwala: pali kavalavu ka PCV pa chivindikiro cha pamwamba, kamene kamatulutsa mpweya wodzikundikira mu injini. Kakatsekeka, mpweyawo umakankha oyilo kudutsa pa seal iliyonse, ndipo mukhoza kusintha magasiketi onse koma kudontha n'kubwerera.

Mkulu wa Sipanala:
Mavalavu, maswitch, mapawuda a ana! Mukuwasokoneza mayiwa. Ndanena kuti 20W-50, ndipo ngati sizikwanira apake silikoni kuzungulira sampu. Ine ndakonza magalimoto a mabwana akuluakulu m'dziko muno ndipo palibe anabwerera kudzadandaula.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwina sanabwerere chifukwa magalimotowo sanathenso kuyenda, akuluakulu.

Achimwene a ku Joni:
Vuto la kumudziko ndi zipangizo zachinyengo. Bokosi limalembedwa Toyota koma m'katimo muli labala amene satha miyezi itatu. Ine kuno ku Johannesburg ndimagula zenizeni n'kutumiza pa basi. Ngati mukufuna, mayi, ndipatseni nambala ya chassis ndikufunsireni mtengo.

Mayi Wamalonda wa ku Lunzu:
Achimwene, mayiwa sakudziwa n'komwe chimene chawonongeka, inu mwayamba kale malonda. Mukatumiza gasiketi kenaka n'kupezeka kuti ndi bawuti yomasuka, ndalamazo mudzabweza?

Mayi a Tadala:
Zikomo nonse, ngakhale mutu wanga wazungulira. Galimotoyi ndi Corolla Fielder ya 2005. Katoni sindinayale chifukwa magetsi anazima ndipo ndinaopa kutuluka mumdima. Eni nyumba aja lero sanandiyankhe moni. Za nthawi imene inayamba, ndikuganiza kuti ndi sabata imene alamu anga anabwera nayo kuchokera ku Dedza. Anandiuza kuti anasinthitsa oyilo ndi filita kwa mnyamata wina wa m'mbali mwa msewu monga njira yondithokozera, ndipo amuna anga anasangalala kwambiri, mpaka akundikumbutsabe. Kodi ndithire 20W-50 uja kapena ndigule mankhwala?

Makaniko wa ku Limbe:
Mayi, mfundo imeneyi ndi imene inafunika kukhala m'chiganizo choyamba. Galimoto imene sinkadontha, ikayamba kudontha itangosinthidwa oyilo, malo oyamba kuyang'ana ndi awiri. Oyamba ndi filita: mwina sinamangidwe bwino, mwina ndi yosagwirizana ndi injini yanu, kapena labala wa filita yakale anakakamira pa injini ndipo yatsopano inamangidwa pamwamba pake. Malabala awiri otere akhoza kuphulika muli paulendo n'kukhuthula oyilo wonse m'mphindi zochepa. Achiwiri ndi bawuti yokhetsera oyilo pansi pa sampu. Ili ndi washala imene imayenera kusinthidwa nthawi iliyonse, koma anyamata ambiri amabwezera yakale, kapena amamanga mopitirira mpaka mazinga kudyeka.

Mnyamata wa Magetsi a Galimoto:
Ndionjeze kuti ngati ili ya malita 1.5, injini yake ndi 1NZ-FE, imene imalowa oyilo pafupifupi malita 3.7 pamodzi ndi filita. Anthu ena amakhuthuliramo chigubu chonse cha malita asanu poganiza kuti akuchita bwino, ndipo oyilo wopitirira muyezo nayenso amatulukira m'maseal. Imikani galimoto pamalo athyathyathya, injini itazizira, sololani dipstick, kandodo koyezera oyilo, muipukute, muibwezere, kenaka muone ngati oyilo ali pakati pa timadontho tiwiri ta pa kandodoko.

Bambo a Yamikani:
Ndinanena ine kuti gwero lake ndi alamu. Aitaneni alipire okha filitayo.

Mkulu wa Sipanala:
Filita kapena ayi, mnyamata wa ku Dedzayo ayenera kuti anathira oyilo wopyapyala, ndipo ndicho chifukwa chake zonsezi zachitika. Mudzabwera pano kudzanena kuti mkulu uja ankanena zoona.

Makaniko wa ku Limbe:
Mayi, musathire chilichonse chatsopano lero ndipo musagule mankhwala. Yezani oyilo monga wafotokozera mnyamata wa magetsi uja. Ngati ali pansi pa kadontho ka m'munsi, onjezani wa mtundu umene buku la galimoto limanena musanalize injini, ndipo mupite pa galaja yapafupi imene ili ndi dzenje, mukawauze kuti amasule filita inu mukuona, ayang'anenso bawuti ya sampu. Mukabwerako mutiuze mtundu wa oyilo amene akudonthayo, chifukwa funso limenelo simunayankhebe.